Momwe mungayerekezere blues ya pa siteji ndi ya mu situdiyo

Ntchito yanga ndi yobwereketsa zokuzira mawu pa maukwati ndi zinkhoswe muno m'Kasungu, ndipo masiku ena ndimagwirako bezi mu kabandi kathu. Mkangano umene wandilembetsa izi unabuka usiku wina tikupakira masipika mu lole, ukwati utatha cha ku Santhe. Mnyamata wathu wa lidi gitala anali atangoyamba kumene kukonda blues, mtundu wa nyimbo wochokera kwa anthu akuda a ku America, ndiye amvekere, "Akulu, za mu situdiyo n'zozizira. Blues yeniyeni ndi ya live basi." Wa ng'oma sanachedwe kumudula, akuti za pa siteji ndi phokoso la anthu okhuta mowa, nyimbo siimveka. Ine ndinangowauza kuti anditchulire nyimbo imodzi imene anaimvapo konsekonse, ya mu situdiyo ndi ya pa siteji, woimba yemweyo. Onse duu. Wina amayerekeza bandi iyi ndi bandi inayo, winayo amamvera pa kasipika ka foni ali pa kabaza.

Njira imene ndinawapatsa ndi iyi. Mukhale ndi foni, mahedifoni, pepala, cholembera, ndi madzulo amodzi amene palibe wokutumani.

Poyamba penipeni, sankhani nyimbo imodzi. Osati chimbale chonse ayi, nyimbo imodzi yomwe woimba anaijambula mu situdiyo kenako n'kukaiimbanso pamaso pa anthu makina akujambula. Zilipo zitatu zosavuta kupeza pa YouTube. Ya B.B. King, "The Thrill Is Gone", inatuluka mu 1969 pa chimbale cha Completely Well, ndipo ya pa siteji ili pa Live in Cook County Jail, chimene anajambula pa 10 Sepitembala 1970 m'ndende ya mumzinda wa Chicago, akaidi oposa 2,000 akumvera. Ya Muddy Waters, "Got My Mojo Working", kampani ya Chess inaitulutsa mu 1957, ya pa siteji ili pa At Newport 1960, ya pa 3 Julayi chaka chimenecho. Yachitatu ndi "Whipping Post" ya Allman Brothers Band, bandi ya kum'mwera kwa America imene inkasakaniza blues ndi rock: ya mu situdiyo ndi ya 1969, ya pa siteji ili pa At Fillmore East, yojambulidwa ku New York mu Marichi 1971. Yambani ndi B.B. King chifukwa amayenda pang'onopang'ono, khutu silitopa.

Chenjerani pofufuza. B.B. King anaimba nyimbo imeneyi zaka zoposa 40 asanamwalire mu 2015, moti mukangolemba dzina la nyimbo lokha mavidiyo amatuluka mbwee, ena ali nkhalamba akuimba chokhala pa mpando. Lembani ndi dzina la chimbale lomwe. Komanso zonse ziwiri muzitenge pamalo amodzi. Ngati imodzi mwakopera kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi kumsika, amene amafinya mafayilo kuti nyimbo mazanamazana zikwane pa kakhadi kamodzi, inayo mwaitsitsa yabwinobwino pa intaneti, ndiye kuti mukuyerekeza mafayilo, oimba mwawasiya. Fayilo yofinyidwa kwambiri imadziwika ndi mbale zachitsulo zija za wa ng'oma: m'malo molira kuti tsii, zimamveka ngati wina akukwinya jumbo. "Whipping Post" ya pa siteji ndi yaitali, itsitseni ndi bandulo ya usiku.

Chachiwiri n'chachifupi koma ambiri amagwa pomwepa. Kasipika ka foni sikatulutsa bezi, pamene theka la nkhani yathu lili mu bezi ndi ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi ija. Valani mahedifoni, ngakhale otchipa, kapena lumikizani ku sipika yabwinoko, ndipo ngati ili ndi batani lokokomeza bezi lizimitseni. Kenako linganizani voliyumu. Khutu la munthu silivuta kulinamiza: nyimbo ziwiri zikamveka motsatana, yokwera pang'ono ndi imene limaikonda. Ife a zokuzira mawu timakadziwa kachinyengo kameneka, kasitomala akamakayika sipika timangosunthira kabatani m'mwamba pang'ono, iye amvekere, "Eya, iyiyi ndiye yabwino." Imvani mawu a woimba m'zonse ziwiri kwa masekondi angapo, kwezani kapena tsitsani mpaka afanane mphamvu, n'kulemba pa pepala pamene voliyumu ya iliyonse yaima.

Chachitatu, yambani ndi ya mu situdiyo, ndipo muimve kawiri. Ulendo woyamba ingomverani, cholembera pansi. Wachiwiri ndiye wa ntchito.

Blues yambiri imayenda mozungulira. Mukamagunda phazi n'kumawerenga 1, 2, 3, 4, kuwerenga kumodzi koteroko oimba amati bar. Zikakwana 12, makodi, kutanthauza magulu a manotsi amene zida zimaliza pamodzi, amabwerera pomwe anayambira, nyimbo n'kuyambanso ulendo wina. Ine zonse 12 pamodzi ndimangoti ndime, ngati ya kumunda: mwalima mwafika kumapeto, mwatembenuka. Mawu nawonso ali ndi kayendedwe kawo, mzere woyamba amaunena, amaubwereza, wachitatu ndiwo umayankha. Werengani ndi zala. Mukasokonezeka musabweze nyimbo, dikirani pamene woimba ayamba mawu atsopano muyambirenso pa 1. Pa pepala lembani kutalika kwa nyimbo, ndime zingati za mawu, ndime zingati zomwe gitala kapena chida china chikulankhula chokha, zida zonse zomwe mukumva, ndi momwe nyimboyo yathera.

Mudzaona kuti ya Muddy Waters ya 1957 ndi ya mphindi pafupifupi 3 zokha. Sikuti mpweya unkawathera. Mbale zakale za galamafoni zija za 78 zinkangolowa mphindi pafupifupi 3 mbali imodzi, ndipo ngakhale timbale ta 45 titabwera, mawayilesi ndi makina oliza nyimbo ukaponyamo ndalama a m'mabala ankafunabe nyimbo zazifupi. Choncho mu situdiyo wa gitala amapatsidwa ndime imodzi, mwina ziwiri, anene zake n'kukhala pansi. Kathedwe nakonso kali ndi nkhani. Nyimbo zambiri za mu situdiyo sizitha kwenikweni, zimangozilala chifukwa katswiri wa makina watsitsa mabatani pa mikisa, makina osakanizira mawu a zida zonse. Pa siteji zimenezo kulibe. Anthu 6 kapena 8 ayenera kuima pa kamphindi kamodzi, ndipo apa ndi pamene bandi yosamverana imaululika.

Chachinayi, yezani liwiro. Tsegulani wotchi, gundani phazi motsatira ng'oma, werengani kugunda kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ka 4. Chitani zimenezi koyambirira, pakati ndi kumapeto, m'nyimbo zonse ziwiri. Mukhala ndi manambala 6.

Pa siteji liwiro limasuntha. Aliyense amene anaimbapo pa perekaniperekani amadziwa: azakhali a mkwatibwi akangonyamuka ndalama zili m'manja, nthungululu zili pakamwa, wa ng'oma mtima umamukwera, nyimbo imene inayamba ngati munthu wopita kumunda imatha ngati wothawa mvula. Kusuntha pakokha si mlandu. Chofunika kumva n'chakuti akwera onse pamodzi, kapena mmodzi akukoka anzake. Akakwera pamodzi phazi lanu silizindikira n'komwe, mumangodabwa poona manambala pa pepala. Koma mmodzi akamathamanga yekha mumamva bezi ikutsalira, ngati ngolo imene ng'ombe imodzi ikukokera kwake.

Chachisanu chimawawa anyamata a lidi: imvani ya pa siteji yonse osalabadira gitala. Khutu likhale pa bezi, ng'oma ndi piyano basi. At Newport 1960 ndi yabwino kuyeserapo. Pa ng'oma pali Francis Clay, pa piyano Otis Spann, ndipo James Cotton akuliza hamonika, kachida kouzira ndi pakamwa. Mukasiya kutsatira mawu a Muddy Waters mudzamva kuti amene akukankha nyimboyo kumbuyo ndi Clay, ndipo Spann akudzaza timipata tonse tomwe mawu asiya. Anthu anaikonda "Got My Mojo Working" moti bandi inaibwereza pomwepo, n'chifukwa chake pa chimbalepo ilipo kawiri.

Pano fufuzaninso kutsika. Phokoso bandi iliyonse imatha kupanga, ngakhale yathu. Chovuta ndi kutsika mpaka mumve munthu akutsokomola m'holo, nyimbo osaduka, kenako n'kukweranso onse nthawi imodzi. Mu situdiyo katswiri akhoza kuthandiza ndi zala zake pa mikisa, pa siteji zimatengera manja a oimba eni ake. Lembani mphindi imene bandi yatsika kwambiri ndi imene yakwera kwambiri, m'nyimbo zonse ziwiri, muone kuti mpata waukulu uli kuti.

Chachisanu ndi chimodzi ndi pamene ine ndimakhalitsa. Ife kuno nyimbo ya wotsogolera ndi ovomera sitichita kuuzidwa. Ili pa mtondo, ili pa maliro, ili ku chimtali ndi ku gule. Blues inabadwira kwa anthu akuda a kum'mwera kwa America, zidzukulu za akapolo otengedwa kuno ku Africa, ndipo kuitana ndi kuvomera kumeneku sikunatayike panjira. B.B. King kawirikawiri sankaimba ndi pakamwa ndi gitala nthawi imodzi. Ankanena mzere, kenako gitala yake, imene anaitcha Lucille, n'kuyankha. Mu situdiyo macheza amenewa ndi a awiri. Pa siteji pamabwera wachitatu, amene ndi anthu.

Kuti mumve bwino zimenezi onjezani chimbale chimodzi, Live at the Regal, chimene B.B. King anajambula pa 21 Novembala 1964 ku Regal Theater, ku Chicago komweko. Muli nyimbo zitatu zolumikizana osapuma, "Sweet Little Angel", "It's My Own Fault" ndi "How Blue Can You Get", bandi ikuyendabe pansipansi pamene iye akucheza ndi anthu pakati pake. M'yachitatuyo muli ndime imene mwamuna akuwerengera mkazi zomwe wamuchitira, galimoto, chakudya, nyumba, chilichonse mkazi akuchinyoza, mpaka kufika pa ana 7 amene mkaziyo akuti akufuna kumubwezera. Pa mzere uliwonse bandi imangomenya n'kuima, kusiya mawu okha. Imvani kaye ndime imeneyi pa ya mu situdiyo. Mzere wa anawo ukatha bandi imalowa, nyimbo ipitirira, inu mumangomwetulira. Ndiye imvani ya ku Regal. Holo yonse imaphulika, azimayi kukuwa ngati akwati atulukira pakhomo, ndipo mumazindikira kuti mzere uja mu situdiyo unali ngati nthabwala yonenedwa m'nyumba yopanda anthu.

Ku ndende anthu ake ndi ena. Chimbale cha Live in Cook County Jail chija chikamayamba, akaidi amakuwiza mwachipongwe mkulu wa apolisi wa m'deralo ndi woweruza milandu pamene mayina awo akutchulidwa, ndipo B.B. King akulowa m'bwalo limene latentha kale chotero. Paliponse pamene anthu ayankha, imitsani nyimbo mudzifunse kuti woimba wasintha chiyani. Wadikira? Wabwereza mzere? Wakoka mawu, kapena Lucille walira motalikirapo? Ngati palibe chasintha, ndiye wa ng'oma wathu uja amanena zoona, phokosolo n'longokongoletsa. Ngati chasintha, anthuwo ali mu bandi.

Chachisanu ndi chiwiri, bwererani ku mndandanda wa zida uja muone zomwe zasowa. Pa "The Thrill Is Gone" ya 1969 mudzakhala mutalemba mavayolini. Amenewa anachita kuwonjezera pambuyo, bandi itajambula kale mbali yake, ndipo amene ankayang'anira ntchitoyo anali Bill Szymczyk. Nyimboyo inamubweretsera B.B. King mphoto ya Grammy mu 1971. Ku ndende mavayolini kunalibe, kunali malipenga a bandi yake. Ndipo si zida zokha zasintha, anthunso. Mu situdiyo ku New York anaimba ndi akatswiri olembedwa ganyu ya tsiku limenelo, pa bezi pali Jerry Jemmott, pamene ku ndende anapita ndi bandi yake yoyenda nayo, pa ng'oma pali Sonny Freeman, yemwenso anali ku Regal. Choncho musanagamule kuti siteji yasintha nyimbo, fufuzani ngati oimba ali omwewo. Kuno kwathu zimenezi timaziona tsiku ndi tsiku: nyimbo ya pa wayilesi ng'oma ndi bezi zatuluka mu kompyuta ya munthu mmodzi, mukapita ku shoo mupeza anthu 8 pa siteji, nyimbo yomweyo koma thupi lina.

Ine pa nyimbo imeneyi ndili kumbali ya situdiyo. Mavayolini aja amayenda pansi pa gitala ngati nkhungu ya m'mamawa kudambo, ndipo bezi ya Jemmott siithamanga, siitsalira. Amene amati n'zozizira sanaimve usiku ali yekha. Ya ku ndende ili ndi mphamvu, koma chisoni chija chachepako.

Tsopano "Whipping Post", imene imafuna madzulo akeake. Ya mu situdiyo ndi ya mphindi 5 ndi masekondi pang'ono. Ya ku Fillmore East imapitirira mphindi 22, inadzaza mbali yathunthu ya mbale. Iyi siyenda ndi ndime za 12 zija. Imayamba ndi bezi ya Berry Oakley yokha, ndipo mukayesa kuwerenga 1, 2, 3, 4 mupunthwa, chifukwa poyambapo pamawerengedwa 11: katatu 1, 2, 3, kenako 1, 2 basi. Bandiyi inali ndi a lidi awiri, Duane Allman ndi Dickey Betts, komanso a ng'oma awiri. Zimbale zawo ziwiri zoyamba za mu situdiyo sizinagulidwe kwenikweni, chimene chinawatchukitsa ndi cha pa siteji chimenechi, ndipo Duane Allman anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto mu Okutobala chaka chomwecho cha 1971.

Nyimbo yaitali chonchi muyeso wake ndi wosavuta. Ikani foni chafufumimba, tsekani maso, mverani. Nthawi iliyonse imene mwapezeka mukuganiza za fetereza kapena ngongole ya kugolosale, tembenuzani foni mulembe mphindi yake, n'kupitiriza. Pomaliza bwererani ku mphindi zimenezo mumvenso. Nthawi zina mupeza kuti inuyo ndi amene munatopa, bandi inali ikumanga chinachake. Nthawi zina mupeza kuti wa gitala amangozungulira pamodzimodzi, mawu anamuthera koma sakufuna kukhala pansi, ngati wolankhula m'malo mwa banja pa ukwati. Yesaninso muyeso womwewu pa "Spoonful" ya bandi ya ku England ya Cream, imene mu situdiyo mu 1966 inali ya mphindi 6 ndi theka, koma pa chimbale cha Wheels of Fire cha 1968 inapitirira mphindi 16. Pepala langa pa imeneyo linadzaza. Pa "Whipping Post" ndinalemba kawiri kokha.

Chotsatira ndi kusakhulupirira chikuto. Mawu akuti live pa chimbale satanthauza kuti zonse mukumvazo zinachitika usiku umenewo. Makampani amasankha nyimbo za masiku osiyanasiyana, amadula mbali zina, ndipo nthawi zina woimba amabwerera mu situdiyo kukakonza pamene analakwitsa. Chimbale cha Stevie Ray Vaughan ndi bandi yake ya Double Trouble, Live Alive cha 1986, chimadziwika kuti anachikonza motero. Chodabwitsa n'chakuti chimbale chawo choyamba cha mu situdiyo, Texas Flood cha 1983, anachijambula m'masiku atatu okha ku Los Angeles, Vaughan ndi anzake awiri akuimba pamodzi m'chipinda chimodzi monga amachitira m'mabala a ku Texas. Ndiye pa ziwirizi, chimene chili pafupi ndi bandi yeniyeni mwina ndi cholembedwa kuti situdiyo.

Zizindikiro zake zimamveka ndi mahedifoni. Pa siteji maiki iliyonse imatolako za anzake, ya woimba imatola ng'oma, ya ng'oma imatola ampu ya gitala. Ine izi ndimalimbana nazo Loweruka lililonse. Mawu a woimba akamveka oyera mbee, opanda kafumbi kalikonse kumbuyo pamene ng'oma zili pachimake, kayikani. Kuwomba m'manja kukaduka mwadzidzidzi, kapena phokoso la anthu likamangokhala mulingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza osatsatira zomwe bandi ikuchita, pamenepo padutsa lumo.

Mawa lake mvetseraninso zonse ziwiri, koma muyambe ndi ya pa siteji. Imene yabwera kachiwiri imakonda kupambana, ndiye mukatembenuza dongosolo n'kupeza kuti maganizo anu asintha, dziwani kuti dzulo munagamula msanga.

Chomaliza ndi cha amene muli ndi bandi kapena kwaya. Chitani zomwezi pa inu nokha. Jambulani nyimbo imodzi pa tsiku lokonzekera, m'chipinda mwanu, kenako yomweyo pa tsiku la mwambo. Foni musaiike pafupi ndi sipika, idzangolira mokhadzula. Ikhale pafupi ndi mikisa, moyang'ana siteji, pa msinkhu wa pachifuwa, ndipo mutseke netiweki kuti wina asakuimbireni foni pakati pa nyimbo. Ife tinachita zimenezi pa chinkhoswe china cha ku Chinkhoma, n'kukhala pansi Lolemba ndi pepala. Wa ng'oma anawerenga yekha: koyambirira kugunda 24 pa masekondi 15, kumapeto 28, ndipo bezi yanga ikumveka kumbuyo ikupempha chifundo. Wa lidi anaseka mpaka misozi, kufikira titabweza nyimbo kuti timve pamene anthu anavomera. Sitinapapeze. Mpata uliwonse umene woimba wathu amasiya, iye anali ataudzaza kale ndi gitala.

"Ndiye ndizitani, akulu?"

"Mphwanga, akamaliza mzere, werenga 1, 2 kaye. Ngati azimayi sanalulute, lowa."

Loweruka likubwerali tili ndi ukwati ku Chamama, ndipo foni ndaipezera kale malo pafupi ndi mikisa.